Les Vampires ya 1915: bwanji anthu akuthamanga chonchi, ndipo bwanji usiku ukuoneka ngati masana?

Thokozani: Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni. Pa intaneti pali makope angapo a Les Vampires, filimu ya magawo ya ku France ija. Kope lina anthu akuyenda ngati akuthawa mvula, lina lili ndi mitundu ya buluu ndi chikasu, lina ndi lakuda ndi loyera basi. Kutalika kwakenso kukusiyana, kwina maola 6 ndi theka, kwina pafupifupi 7. Lenileni ndi liti? Funso lachiwiri, pali malo omwe nkhani ikuonetsa kuti ndi usiku, munthu akukwawa padenga, koma dzuwa likuswa mtengo. Kodi opanga ake sankasamala?

a Chisale: Ankasamala, achimwene. Zonse ziwiri mwafunsazi ndi matenda a kope, si a filimu. Ndiyambe ndi liwiro.

Kamera ya nthawi imeneyo inalibe mota. Wojambula ankapukusa chogwirira ndi dzanja, ndipo makamera ambiri ankakoka zithunzi 8 chogwiriracho chikazungulira kamodzi. Akapukusa kawiri pa sekondi, ndiye zithunzi 16 pa sekondi. Dzanja la munthu si wotchi, choncho zinkakhala 16, 17, mwina 18. Mafilimu olankhula atabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, liwiro linakhomeredwa pa zithunzi 24 pa sekondi kuti mawu asamasinthesinthe. Mukatenga chojambulidwa pa 16 n'kuchiyendetsa pa 24, chilichonse chimafulumira ndi theka. Munthu woyenda amaoneka ngati akuthamanga, ndipo zomwe zinali zoopsa zimasanduka zoseketsa.

Masamu ake ndi awa. Filimu ya 35mm imakhala ndi zithunzi 16 pa futi imodzi. Mpukutu wa mafiti 1,000, omwe ndi mamita pafupifupi 305, uli ndi zithunzi 16,000. Pa 16 umatha mphindi 16 ndi masekondi 40. Pa 18 umatha mphindi 14 ndi masekondi 49. Pa 24 umatha mphindi 11 ndi masekondi 7 okha. Tsono pa filimu ya maola 7, kungosuntha kuchoka pa 17 kupita pa 18 kumadya mphindi zoposa 20. Kusiyana kwa kutalika komwe mukuonako kumachokera pamenepo, kuphatikizapo nthawi yomwe makhadi a mawu, zolemba zoonekera pakati pa zithunzi popeza filimuyi ilibe mawu, asiyidwa pa sikirini.

aNabanda: Asanapitirize a Chisale ndi za makina, tiyikepo maziko kwa omwe sanaionepo. Anailemba ndi kuitsogolera ndi Louis Feuillade, ku kampani ya Gaumont ku Paris, nkhondo yoyamba yapadziko lonse ili mkati. Magawo alipo 10. Awiri oyamba anatuluka limodzi pa 13 Novembala 1915, lomaliza pa 30 Juni 1916. Dzinalo lisakupusitseni, mulibe anamapopa kapena mizukwa. Ma Vampires ndi gulu la mbava ndi zigawenga, ovala zakuda zothina ndi zophimba kumaso, omwe masana amakhala anthu olemekezeka. Wowasaka ndi mtolankhani Philippe Guérande, yemwe anamusewera Édouard Mathé, mothandizidwa ndi Mazamette, yemwe poyamba anali wa gulu lomwelo. Mazamette anamusewera Marcel Lévesque. Koma dzina lomwe dziko linasunga ndi la Irma Vep, yemwe anamusewera Musidora. Tengani zilembo za Irma Vep muzisakanize, zikupatsani Vampire. Filimuyo imakuonetsani yokha mu gawo lachitatu, zilembo za pa chikwangwani cha kunja kwa malo oimbira zikusuntha n'kudzikonza.

Kondwani: Pa liwiro pomwepo, bambo Chisale, kodi sindingangochepetsa mu VLC, pulogalamu yoonera mavidiyo ija?

a Chisale: Mungathe, koma muyambe mwatsimikiza kuti kopelo ndi lofulumiradi. Musayang'ane nkhope, yang'anani zinthu zomwe kugwa kwake mumakudziwa: munthu akutsika masitepe, chipewa chikugwa, utsi wa ndudu, chitseko chikutsekeka. Ngati kope linakokedwa pa 24 chithunzi ndi chithunzi, ikani 0.75 kuti mufike pa 18, kapena 0.67 kuti mufike pa 16. Vuto n'lakuti nyimbo nayo imakokeka, choncho ndi bwino kuitseka n'kuika ina. Ndipo ngati kopelo linakonzedwa kale, mukalichepetsanso anthu aziyenda ngati ali m'madzi.

Okonza mafilimu amachita mosiyana. Blu-ray imafuna zithunzi 24 pa sekondi, ndiye amabwereza zithunzi zina. Kuti 18 ikwane 24, pa zithunzi zitatu zilizonse chimodzi chimaonetsedwa kawiri. Kuti 16 ikwane 24, pa ziwiri zilizonse chimodzi chimabwerezedwa. Maso akuthwa amaona kadzidzimu pang'ono galimoto ikamadutsa, koma chilichonse chomwe mukuona chinajambulidwadi. Chomwe ndimakana ndi makope omwe kompyuta yapeka zithunzi zapakati kuti zifike 50 kapena 60 pa sekondi. Dzanja likayenda mofulumira limasungunuka, mipiringidzo ya pa khonde imapindika, ndipo timadontho ta filimu timafufutika mpaka nkhope zimaoneka ngati za pulasitiki.

a Gondwe: Ndiwonjezepo chenjezo limodzi. Tisanene ngati pali nambala imodzi yopatulika. Pulojekita nayo inali m'manja mwa munthu, ndipo oonetsa ambiri ankayendetsa mofulumirirako kuposa mmene inajambulidwira. Zifukwa zake zinali zomveka. Liwiro likatsika kwambiri kuwala kumaphethira, n'chifukwa chake mapulojekita ena anali ndi chotsekera kuwala cha mapiko atatu, kuti 16 kuchulukitsa katatu ipereke kuthwanima 48 pa sekondi, komwe diso siliona. Chachiwiri, filimu ikamayenda pang'onopang'ono chithunzi chilichonse chimakhalitsa patsogolo pa nyale yotentha, ndipo filimu ya nthawi imeneyo inali ya nitrate, yomwe imayaka moto msanga. Mwini holo nayenso ankafuna anthu atuluke ena alowe. Ndiye wokonza akasankha 18 m'malo mwa 16, sanalakwe. Wolakwa ndi wa 24.

Thokozani: Ndamva. Nanga za usiku uja?

a Chisale: Filimu ya 1915 inkafuna kuwala kochuluka, usiku weniweni panja sikanagwira kanthu. Choncho ankajambula masana, kenako chidutswa chimenecho cha kope loonetsa ankachinyika mu utoto wa buluu. Woonera ankadziwa kuti buluu ndi usiku. Chikasu chofiirira chinali kuwala kwa nyale m'nyumba, kufiira kunali moto. Munthu akazimitsa nyale m'chipinda, mtundu umadumpha kuchoka ku chikasu kupita ku buluu pomwepo. Mu filimu yodzaza ndi anthu olowa m'nyumba za eni usiku, mtundu ndi mbali ya nkhani, si chokongoletsera.

Njira zinalipo ziwiri ndipo anthu amazisokoneza. Yoyamba ndi yonyika mu utoto, Azungu amati tinting. Utoto umalowa mu gelatini yense wopakidwa pa filimu, choncho malo oyera ndi omwe amatenga mtundu, akuda amakhala akuda. Yachiwiri, toning, ndi ya mankhwala omwe amasintha siliva wa chithunzicho kukhala chinthu china chamtundu, mwachitsanzo mchere wa chitsulo umapereka buluu. Pamenepo malo akuda ndi omwe amatenga mtundu, oyera amakhala oyera. Mukafuna kudziwa pa filimu yeniyeni, yang'anani m'mbali momwe muli mabowo. Yonyikidwa mu utoto imakhala ndi mtundu mpaka m'mabowomo, inayo m'mbali mumakhala mbee.

Nanga mtunduwo unapita kuti? Negativi, filimu yochokera m'kamera yomwe makope amasindikizidwa kuchokerako, simanyikidwa, imakhala yakuda ndi yoyera. Komanso osunga mafilimu kwa zaka zambiri ankakopera makope akale pa filimu yakuda ndi yoyera chifukwa ndi yomwe inalipo ndi yotsika mtengo. Buluu akachoka, chotsala ndi dzuwa lomwe linalipodi tsiku lojambula. Ndi lomwe mwaonalo. Pobwezeretsa mitundu, njira yodziwika ndi ya Noël Desmet wa ku malo osungira mafilimu a ku Brussels: negativi yakuda ndi yoyera imasindikizidwa pa filimu yamitundu, kenako filimuyo imawalitsidwanso ndi kuwala kwa mtundu womwe ukufunika. Masiku ano ambiri amachita pa kompyuta.

Mphatso: Ine vuto langa si mitundu. Nkhani yake ikundizungulitsa mutu. Mtsogoleri wa gululi ndi ndani kwenikweni? Ukangomuzolowera wina, wafa, kwabwera wina.

aNabanda: Achemwali, mwaona bwino, atsogoleri alipo atatu motsatizana. Woyamba ndi Grand Vampire, anamusewera Jean Aymé, ndipo ndi amene amasokoneza kwambiri chifukwa gawo lililonse amabwera ndi dzina ndi ndevu zina: Dokotala Nox mu gawo loyamba, Treps wobwereketsa nyumba mu lachinayi, Baron de Mortesaigues mu lachisanu, Kerlor mu lachisanu ndi chimodzi. Amafa kumapeto kwa gawo 6, Irma Vep atamuwombera. Panthawiyo Irma anali atagwidwa maganizo ndi Moréno, mbava ya gulu lina yomwe imagoneka anthu ndi maso. Gawo 7 kukubwera Satanas, anamusewera Louis Leubas, n'kunena kuti mwini weniweni wa gulu ndi iye. Akagwidwa mu gawo 8 amadzipha m'ndende potafuna kalata yonyikidwa mu poizoni. Wachitatu ndi Vénénos, katswiri wa ziphe, yemwe anatumiza kalatayo. Iye ndi amene amafika mpaka gawo 10, momwe amakwatira Irma Vep, apolisi n'kuwagwera pa phwando laukwati.

Njira yosavuta yotsatira ndi kugwira chida cha gawo lililonse, chifukwa Feuillade amamanga gawo mozungulira chinthu chimodzi kapena ziwiri. Loyamba ndi mutu wa wapolisi Durtal, wobisidwa m'kabokosi kuseri kwa chithunzi cha pakhoma. Lachiwiri ndi mphete yapoizoni. Lachitatu ndi kabuku kofiira ka zilembo zachinsinsi ndi cholembera chapoizoni chomwe mayi ake a Guérande amadzipulumutsa nacho. Lachinayi ndi bokosi lachitsulo losungira ndalama lomwe kumbuyo kwake kumatsegukira m'nyumba yoyandikana. Lachisanu ndi mpweya wogonetsa pa phwando la anthu olemera. Satanas ali ndi gulovu yokhala ndi singano youmitsa thupi, ndiponso mzinga wobisika m'nyumba womwe amaombera nawo pawindo. Gawo 9 ndi shampeni wapoizoni pa phwando la chinkhoswe cha Guérande ndi Jane.

a Gondwe: Ndipo chinyengo cha gawo 7 chija ndi chomwe ndimati aliyense achione mwachidwi, chifukwa ndi filimu yopanda mawu yomwe ikuonetsa kuba kwa mawu. Amapita kwa Mmerika wolemera George Baldwin, wina amamunyengerera kuti asaine papepala, kenako Irma amajambula mawu ake pa galamafoni. Banki ikaimba foni ku hotela kufuna kutsimikiza za ndalama, Irma wakhala kale pa malo a wolumikiza mafoni, n'kuyika galamafoniyo pa foni. Masitepe onse amaoneka, palibe chodumphidwa. Umo ndi mmene Feuillade amagwirira ntchito, amakuonetsani mmene chinthu chikuchitikira kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto.

Mphatso: Koma bwanji osangokhala ndi mtsogoleri mmodzi?

a Gondwe: Chifukwa sinalembedwe yonse n'kumalizidwa isanayambe kujambulidwa. Feuillade ankayenda ndi ndondomeko yachidule, zambiri n'kumazipeza ali pa ntchito, ndipo inali nthawi ya nkhondo. Amuna ankaitanidwa ku usilikali, ogwira ntchito ndi zipangizo zinali zochepa. Wosewera akasowa, nkhani iyenera kukhota. Onani masiku otulukira: 13 Novembala, 4 Disembala, 7 Januwale, 28 Januwale, kenako mpaka 24 Malichi, ndiye 15 Epulo, 12 Meyi, 2 Juni, 30 Juni. Pakati pa gawo 5 ndi 6 pali milungu 8 yathunthu. Kutalika kwa magawo nakonso sikufanana, lachiwiri ndi la mphindi pafupifupi 15, ena akumapeto amayandikira ola. Mu gawo 6 mulinso kachidutswa ka munthu wolimbana ndi ng'ombe yamphongo ku Spain, koikidwa ngati nkhani yomwe Kerlor akusimbira alendo pa hotela. Ndi zithunzi zomwe Feuillade anajambulira ntchito ina, n'kuzipezera malo pano pomwe alendo akufunika kutanganidwa kuti zipinda zawo zisecheke.

Changu chonsecho chinali ndi chifukwa. Kampani ya Pathé inkabweretsa Les Mystères de New York, ya wosewera Pearl White, yodulidwa kuchokera ku mafilimu a magawo a ku America, ndipo inayamba mu Disembala 1915, gawo limodzi mlungu uliwonse, nkhani yake ikutulukanso mu nyuzipepala ya Le Matin. Gaumont inafuna kufika pamsika isanafike imeneyo, ndipo inali ndi munthu woti angathe, popeza Feuillade anali atapanga kale mafilimu asanu a Fantômas mu 1913 ndi 1914.

Kondwani: Apa ndiye ndikufuna kutsutsa pang'ono. Anthu amaitamanda, koma poyerekeza ndi zomwe wotsogolera mafilimu D. W. Griffith ankachita ku America chaka chomwecho, iyi ndi yotsalira. Kamera yangoima malo amodzi ngati tikuonera sewero la pa siteji. Makoma akuoneka kuti ndi opentedwa, zitseko ndi mipando yomweyomweyo ikubwera m'nyumba zosiyana. Ndipo gawo silithera popachika mtima ngati a ku America.

aNabanda: Za makoma ndi mipando ndikuvomera, ndalama zinali zochepa ndipo zikuoneka. Za mathero ndi zoonanso, gawo lililonse limatseka nkhani yake, chifukwa simungasiye munthu akulendewera kwa milungu 8. Koma pa za kamera sindikugwirizana nanu, achimwene. Kamera kuima si kusadziwa, ndi njira ina yolozera diso. A ku America ankadula chithunzi kuti akuuzeni poyang'ana. Feuillade amasuntha anthu. Chipinda amachikonza mozama, tebulo patsogolo, chitseko kumbuyo, windo pambali. Wa patsogolo akawerama kapena kutembenuka, amatsegula mpata woti muone chitseko chakumbuyo chikutseguka. Wa patsogoloyo sakudziwa, inu mukudziwa, ndipo mantha amachokera pamenepo.

Tengani phwando la gawo 5. Alendo akamva mpweya amathamangira ku zitseko, zokhomedwa. Akoka makatani, mawindo atsekedwa ndi matabwa. Amagwa mmodzimmodzi mpaka holo yonse ili zii. Ndiyeno kumbuyo kwenikweni zitseko zimatseguka, kuwala kukuchokera kuseri, anthu akuda bii akulowa mwakachetechete kudzavula mikanda ndi kutola zikwama. Mukadula pamenepo kuika nkhope yapafupi, mwaononga, chifukwa mphamvu yake ndi kuona holo yonse nthawi imodzi. N'chimodzimodzi mapeto a gawo loyamba, munthu wovala zakuda akuyenda padenga n'kutsika ndi paipi ya madzi. Chithunzi n'chachitali dala kuti muone kuti nyumbayo ndi yeniyeni ndipo munthuyo akutsikadi.

Kondwani: Zomveka. Koma pa foni zitseko zakumbuyozo sizioneka n'komwe.

a Chisale: Ndiye chifukwa chake filimuyi si ya pa foni. Imafuna sikirini yaikulu ndi chipinda chamdima. Ndipo pali matenda ena a kope omwe amapha ndendende zomwe aNabanda akunenazi, ndiwo kudulidwa kwa m'mbali. Chithunzi cha nthawi ya mafilimu opanda mawu chinali cha mamilimita 24 m'lifupi ndi 18 m'litali, chodzaza malo onse pakati pa mabowo. Mawu atabwera, kanjira kake kanatenga malo kumanzere, ndipo muyeso wa 1932 unatsitsa chithunzi kufika pafupifupi 22 ndi 16. Filimu yakale ikakoperedwa kudzera pa zenera la makina a nthawi ya mawu, mbali ya kumanzere imadyeka, pamwamba ndi pansi pamadulikanso. Zizindikiro zake: mitu ya anthu oimirira yametedwa, makhadi a mawu apendekera mbali imodzi, munthu akulankhula ndi wina yemwe mukungoona phewa lake. Kuwonjezera apo, wina akaitambasula kuti idzaze TV ya 16:9, anthu amafupika n'kunenepa. Muyeso woyenera ndi 4:3, mizere yakuda kumanzere ndi kumanja. Isiyeni mizereyo.

Thokozani: Nkhope zawo zoyera mbuu, maso akuda ngati apaka makala. Nazonso ndi za kope?

a Chisale: Mbali ina ndi filimu yomwe ankajambulira. Inali ya mtundu wa orthochromatic, yomwe imaona buluu ndi kubiriwira koma siona kufiira. Chofiira chimatuluka chakuda, cha buluu chimatuluka choyererako. Milomo yopakidwa zofiira imada, maso a buluu amafuwa, thambo limangokhala loyera lopanda mitambo. Osewera ankapaka nkhope moganizira zimenezi ndi kuzungulira maso ndi chakuda kuti azioneka ngakhale ali patali ndi kamera. Mbali ina ndi ya kope. Kukopera kope kuchokera ku kope lina kumawonjezera kusiyana kwa kuda ndi kuyera, zapakati zimatha. Pofika m'badwo wachitatu kapena wachinayi nkhope ilibenso mphuno, ndipo wovala zakuda m'chipinda chamdima wasanduka banga. Kope labwino mumalidziwira pa zovala zakudazo, muyenera kuona makwinya a nsalu.

Mphatso: Chithunzi chotchuka chija cha mzimayi wovala ngati mleme, atatambasula mapiko, ndi Irma Vep?

aNabanda: Ayi, ndipo ambiri amalemba molakwika. Ameneyo ndi Stacia Napierkowska, wovina, akusewera Marfa Koutiloff mu gawo lachiwiri. Ndi amene amafa pa siteji ndi mphete yapoizoni. Irma Vep sanafike n'komwe panthawiyo, amayamba mu gawo lachitatu. Chovala chakuda chothina chomwe Musidora amadziwika nacho amachivala nthawi yochepa kwambiri pa maola onsewo, makamaka mu gawo 6 pa hotela ya ku Fontainebleau. Nthawi zambiri amaoneka ngati wantchito wa m'nyumba, mlembi wa ku banki, kapena atavala zachimuna. Luso lake lili pamenepo, kusintha kayendedwe ndi kayang'anidwe malinga ndi yemwe akunamizira kukhala. Dzina lake lenileni linali Jeanne Roques, anabadwa 1889, anamwalira 1957. Anadzakhalanso wotsogolera mafilimu ake, ndipo kumapeto kwa moyo wake ankagwira ntchito ku Cinémathèque française, malo osungira mafilimu a ku Paris.

a Gondwe: Mwatchula Cinémathèque, tiyeni tinene mmene filimuyi inapulumukira. Panthawi yake otsutsa ambiri ankainyoza kuti ndi ya anthu wamba ndipo ikutamanda zigawenga, apolisi a ku Paris anailetsako kwa kanthawi. Feuillade anayankha ndi filimu ina ya magawo yotchedwa Judex, momwe wovala zakuda ali kumbali ya chilungamo. Iye anamwalira 1925, mawu asanafike m'mafilimu, ndipo mafilimu opanda mawu atatha msika ambiri anatayidwa kapena kusungunulidwa kuti achotsemo siliva. Alakatuli monga André Breton ndi Louis Aragon ankaikumbukirabe, koma amene anasunga kope ndi Henri Langlois wa ku Cinémathèque. Kopelo linalibe makhadi a mawu, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankaionera choncho. Mbiri yoti ndi filimu yonga maloto, yopanda mutu ndi mchira, mbali ina inachokera pamenepo. Jacques Champreux, mdzukulu wa Feuillade, ndi amene anagwira ntchito yobwezeretsa makhadiwo. Makhadi atabwerera zinaoneka kuti nkhani ili ndi dongosolo kuposa mmene ankaganizira.

Kondwani: Makhadi angasowe bwanji pomwe zithunzi zilipo?

a Chisale: Chifukwa sankakhala mu negativi ngati mmene mumawaonera. Ankasindikizidwa padera n'kulumikizidwa mu kope lililonse ndi manja, kuti kope lopita dziko lina liikidwe a chilankhulo cha kumeneko. Mu negativi munkangokhala chizindikiro, kapena zithunzi ziwiri zitatu za khadilo. Kawirikawiri negativi sinkasungidwanso motsatira nkhani, inkasanjidwa motsatira mtundu, zonse za buluu pamodzi, zonse za chikasu pamodzi, kuti zinyikidwe nthawi imodzi. Atsikana a ku fakitale ndi omwe ankadula n'kulumikiza motsatira manambala. Wokonza wa lero akapeza negativi yotere ayenera kubwezeretsa dongosolo, mitundu ndi mawu. Pa Les Vampires izi n'zofunika kwambiri chifukwa nkhani imayenda ndi mapepala: matelegalamu, makalata, tizidutswa ta nyuzipepala, makhadi a maina. Zikapanda kuwerengeka simudziwa chifukwa chomwe munthu wanyamukira.

Nitrate yokha ndi mdani wina. Ikayaka imadzipangira mpweya woyakira, moti madzi kapena mchenga sizizimitsa. Ikamakalamba imayamba yafiirira chithunzi n'kufuwa, kenako imanata, imatuluka thovu lonunkha, imaundana kukhala chibuma, pomaliza ufa wofiirira. Isanafike apo imafota, mabowo sagwirizananso ndi mano a makina, ndiye mukaikakamiza imang'ambika. N'chifukwa chake masikana a okonza amakoka filimu ndi timawilo tosalala, opanda mano. Zokandika za kumbuyo kwa filimu amazibisa poidutsitsa m'madzi apadera pomwe ikukoperedwa, madziwo amadzaza mikwingwirimayo kuwala n'kudutsa mowongoka. Zokandika za mbali ya chithunzi sizibisika motero, chifukwa pamenepo chithunzicho chachokadi. Kutentha ndi chinyezi zimafulumizitsa zonsezi. Nitrate inasiya kupangidwa cha m'ma 1951, koma ya acetate yomwe inalowa m'malo nayo imawola, imayamba kununkha viniga.

Thokozani: Tsono wofuna kuonetsa anthu, tinene kagulu ka okonda mafilimu, achite bwanji?

aNabanda: Choyamba asaonetse maola 7 tsiku limodzi. Sinapangidwire zimenezo, ndipo zida zobwerezabwereza zimayamba kutopetsa. Gawani masiku: 1 mpaka 3 tsiku loyamba, ndi pafupifupi ola ndi theka ndipo anthu amapita kwawo atamuona Irma Vep. Kenako 4 ndi 5, ndiye 6 palokha, 7 ndi 8 pamodzi popeza ndi nkhani ya Satanas, 9 ndi 10 pomaliza. Musanayambe tsiku lililonse wina anene mwachidule yemwe ali ndani ndi dzina lomwe mtsogoleri akuyendera.

Chachiwiri ndi makhadi. Ali m'Chifalansa, makope ena m'Chingelezi. Pakhale munthu mmodzi wowerenga mokweza m'Chichewa, atakonzekeratu papepala, chifukwa khadi limakhala masekondi ochepa. Si zachilendo, mafilimu akale ankakhala ndi ofotokoza m'maholo, ku Japan ankawatcha benshi, ndipo kwathu kuno anthu anazolowera kale mafilimu omasuliridwa m'mavidiyo sho. Kusiyana kwake n'kwakuti pano womasulira awerenge khadi ndi kalata basi, kenako akhale chete. Akamalankhula pa phwando la gawo 5 lija, wapha chithunzi.

a Gondwe: Nyimbo musaiwale. Mafilimuwa sankaonetsedwa mwa zii, m'maholo aang'ono munkakhala woimba piyano, ku Gaumont-Palace kunali gulu lonse la oimba. Makope ogulitsidwa ali ndi nyimbo zopekedwa masiku ano: DVD ya ku America ya 2000 ili ndi ya Robert Israel, Blu-ray ya kampani ya Kino ya 2012 ili ndi ya Mont Alto Motion Picture Orchestra. Dziwani kuti ngakhale filimuyo ndi yakale, nyimbozo ndi ntchito yokonzayo zili ndi eni ake, choncho kuonetsa kolipiritsa kumafuna chilolezo. Ngati muli ndi wa kiyibodi, akonze tinyimbo tinayi kapena tisanu: ka Guérande, ka Mazamette kopepuka, ka Irma Vep, ka kuzembera usiku, ka kuthamangitsana. Aonere gawolo kawiri asanaimbe kuti adziwe pomwe mzinga ukulira. Cholakwika chofala ndi kuimba mothamanga ndi moseketsa paliponse. Mazamette yekha ndi woseketsa, ndipo amatembenukira kwa oonera dala. Enawo akufuna nyimbo yodekha.

Mphatso: Nanga Irma Vep ya 1996 ndi imodzimodzi?

a Gondwe: Ayi, imeneyo ndi ya Olivier Assayas, Maggie Cheung akusewera ngati iye mwini, ndipo nkhani yake ndi ya anthu omwe akuyesa kupanganso Les Vampires. Assayas anaibwerezanso mu 2022 ngati ya magawo pa HBO, ndi Alicia Vikander, ndipo mmenemo muli tizidutswa ta ya Feuillade. Ndi bwino kuyamba ndi ya 1915, apo ayi mudzalowa mukuyembekeza chovala chakuda chija gawo lililonse.

Thokozani: Ndiye posankha kope ndiyang'ane kuti ndi 4:3, mitu sinadulidwe, usiku ndi wa buluu, makhadi ndi makalata akuwerengeka, ndipo munthu wotsika masitepe akutsika ngati munthu. Ndaphonya china?

a Chisale: Chimodzi. Pitani ku gawo lachisanu, pomwe Guérande akusuzumira pawindo usiku, a pansi n'kumukola ndi chingwe m'khosi kumugwetsera mumsewu, n'kumutsekera m'dengu lalikulu. Pamenepo pali zonse nthawi imodzi: kugwa kwa thupi kukuuzani liwiro, msewu ukuuzani ngati buluu alipo, ndipo ngati windo la m'mwamba ndi anthu a pansi sakukwana bwino m'chithunzi, kopelo ladulidwa. Fayilo ya maola 7 yosafika ngakhale 1 GB musavutike kuitsitsa, makoma a maluwamaluwa a m'zipinda zija amasanduka timabokosi.